Tsekani Chitseko, Mphepo Ikulowa

Mphepo inayamba dzuwa litangopendeka, Lamulungu lija, ndipo inali mphepo yosakhazikika, yonga munthu amene wataya chinthu koma sakukumbuka kuti n'chiyani. Inkagwedeza mawindo, n'kuwasiya, n'kukayesa malata a padenga. Mitambo inali itadzaza kumwamba koma mvula inkangolonjeza. Chitseko cha chipinda chimene tinalimo, pamwamba pa sitolo ya matayala, chinali chokhota, chosagwira bwino, moti munthu akangolowa mphepo inkalowa naye n'kumwaza mapepala. Pamenepo chipinda chonse chinkakuwa ngati kwaya, popanda wodzutsa mutu pa kompyuta yake: "Chitseko!"

"Yazimanso," anatero Mapulani, manja ali kumutu. "Abusa, kandulo yathu yazimanso. Mayiwa atimalizira makandulo."

"Sindikuchitira dala," anayankha mayi amene ankayesa gemu yathuyo, akukankhira mpando kumbuyo. "Gemu yanuyi ndi yokongola, koma ndi yamwano. Ikungondipha osandiuza chimene ndalakwa."

Tinali titasonkhana kuyambira Loweruka m'mawa, anthu okonda kupanga magemu a pakompyuta pa nthawi yathu yopuma. Panalibe amene ankadyera ntchito imeneyi. Amene anatiitana anali Aphunzitsi, mayi wophunzitsa masamu kusekondale, amene ankayenda pakati pa matebulo atanyamula belu la mkuwa. Pangano linali lakuti gulu lililonse lipange gemu yatsopano, yoyamba ndi kutha, belu lomaliza lisanalire Lamulungu madzulo. Mutu wa magemu onse unatoledwa m'chipewa, ndipo pa kapepalako panalembedwa liwu limodzi: mphepo.

Pagulu lathu tinalipo atatu. Mapulani ankagulitsa mafoni mumzinda, ndipo pakamwa pake panali ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. Iye ndiye ankabweretsa maganizo ndi kusamala za mawu ndi nyimbo. Anesi anali namwino, wojambula ndi dzanja lofatsa, ndipo zipinda zonse za m'gemu yathu zinatuluka m'zala zake. Ine ndinkalemba pulogalamu, ntchito imene ndinaiphunzira kukoleji. Dzina la Abusa anandipatsa ndi Mapulani tsiku loyamba, poona kuti malaya anga ndimawamanga mpaka batani la pakhosi ndipo mawu anga ndi owerengeka.

Gemu yathu inali yosavuta. Kamunthu kanyamula kandulo, kakudutsa m'zipinda za nyumba yamdima kupita kuchipinda chomaliza. Kakasiya chitseko chitsegulire kumbuyo, mphepo imalowa, lawi limagwada, kenako limazima, ndipo wosewera amayambiranso. Vuto linali limodzi: aliyense amene ankaiyesa sankatseka chitseko.

"Koma talembatu pansipa," ndinatero motsitsa mawu, ndikuloza m'munsi mwa sikirini. "Akuti, tsekani chitseko."

Mayi uja anasuzumira, naseka. Anali kalaliki wa pa ofesi ina, ndipo gulu lake, pa tebulo loyandikana nafe, linkapanga gemu ya zovala zouluka pa chingwe choyanikira. M'mawa ndinali nditawathandiza pamene malaya awo ankauluka osabwerera, choncho iye anabwera kudzabweza dzanja.

"Achimwene, ndani amawerenga kandulo ikuzima? Maso anga onse anali pa lawi. Wosewera sawerenga. Mulankhuleni m'khutu, ngati mmene amakukalipira munthu kunyumba."

Mapulani anamenya tebulo. "Mawu! Tikufuna mawu a munthu! Mayi inu, mukanakhala osakwatiwa ndikanatumiza amalume anga mawa lomwe."

"Amalume akowo ayambe akuphunzitsa kupesa tsitsi," anatero mayiyo akubwerera ku tebulo lake.

Kujambula mawu m'chipinda chimenecho kunali kosatheka. Uku wina akuyesa phokoso la bingu, uko ena akukangana za mtundu wa mitambo, pansi makina opopera matayala akubuula. Anesi anati adzapita pa masitepe phokoso likachepa, koma pa nthawiyo anali akumalizitsa chipinda chomaliza.

"Ikani chigamba kaye, Abusa," anatero Mapulani. "Chilichonse. Ngakhale kulira kwa mbuzi. Tingoona ngati zikugwira."

Chigamba ndi mmene timatchulira chinthu choika mongogwirizira, poyembekeza chenicheni: bokosi lofiira m'malo mwa munthu, mluzu m'malo mwa nyimbo. Aliyense wopanga magemu amadziwa kuti chigamba chiyenera kuchotsedwa, ndipo aliyense amadziwanso kuti zigamba zili ndi khalidwe lokakamira.

Sindinafunefune nthawi yaitali. M'foni mwanga munali uthenga wa mawu umene ndinkaudziwa ngati mpweya wanga. Ndinadula kachigawo ka pakati, ndinakaika m'gemu, ndipo ndinakonza kuti kazilira chitseko chikasiyidwa, n'kudukira pomwepo wosewera akangotseka. Ndinadziuza kuti ndachita zimenezi chifukwa cha changu. Mapulani anakweza mawu a laputopu, nadutsa pa khomo loyamba osatseka.

"Inu bambo ake, tsekani chitseko, mphepo ikulowa! Mmisiri wa zitseko za eni, chake chili chitsegulire."

Kenako kuseka. Kuseka kwa munthu amene wakhala akunena mawu omwewo kwa zaka zambiri, ndipo sakuyembekezanso kumvedwa, komanso sakufuna kusiya.

Anesi anaika cholembera chake pansi. Mapulani anayamba wakhala kukamwa yasa, kenako anagwa nako kuseka.

"Ameneyu ndiye munthu! Ngakhale ine ndatsala pang'ono kudzuka kukatseka chenichenicho. Ndani ameneyu, Abusa?"

"Mayi anga."

"Muwauze kuti tawalemba ntchito. Malipiro ndi ulemu."

"Ndi chigamba chabe," ndinatero. "Tichotsa. Anesi akajambula, tichotsa."

Ndinayenera kunena mawu ena awiri okha. Ndinawamva akukwera pakhosi, akufika pa batani lija, n'kubwerera. Anesi anandiyang'ana kanthawi ndi maso a kuntchito kwake, maso odziwa kuwerenga nkhope za anthu okhala panja pa wodi.

Mayi anali atamwalira chaka chapitacho. Uthengawo ananditumizira ndili chaka chomaliza kukoleji, akufunsa ngati ndikudya bwino ndiponso ngati bulangeti lija likadalipo. Pakati pa mafunsowo bambo analowa m'nyumba, ndipo mayi anatembenuka kuwakalipira, foni ikujambulabe. Bambo anga ndi kalipentala. Theka la zitseko za mumsewu wathu anapachika ndi iwo, koma pa moyo wonse wa mayi sanatsekepo chitseko cha kwathu. Ankalowa manja ali ndi zida, mutu uli ku ntchito ya mawa, chitseko n'kutsala chikuyendayenda kumbuyo kwawo.

Mayi atapita, bambo anayamba kutseka. Ankatseka chitseko cha kutsogolo, cha kukhitchini, cha kuchipinda, mawindo, ngakhale kabati. Zovala za mayi anaziika m'sutikesi n'kuikankhira pansi pa bedi. Chithunzi cha pakhoma anachichotsa, n'kutsala malo oyera a ngodya zinayi amene tonse awiri tinaphunzira kusawayang'ana. Tsiku lina azakhali anga atayamba kukumbutsa mmene mayi ankaimbira akamachapa, bambo anadzuka pakati pa nkhaniyo n'kupita kushedi kumene amagwirira ntchito. Anagona kumeneko pa matabwa masiku ambiri. Pobwerera anali atachepa, lamba atamuboola bowo latsopano, ndipo ine ndinalumbira mumtima kuti sindidzakhala amene ndidzawabwezere kumatabwa kuja. Kuyambira pamenepo tinkakambirana za magetsi, za shuga, za misomali. Unali mtendere wopyapyala ngati galasi la windo, koma ndi wokhawo umene tinali nawo. Za uthenga uja sankadziwa.

Foni yanga inalira mitambo itayamba kuda.

"Iwe," anatero bambo, mphepo ikuwomba m'mawu awo, "makiyi onse awiri uli nawo ndiwe?"

Ndinagwira m'thumba. Analimo onse, anga ndi awo.

"Pepani, bambo. Ndinatola osayang'ana. Ndibweretsa ndikangomaliza."

"Usavutike. Ndili chakufupi, ndimapachika chitseko kuseri kwa msika. Unati pamwamba pa matayala? Ndikubwera komweko."

Anadula ndisanapeze chonena.

"Anesi," ndinatero, ndipo mawu anga anandidabwitsa ndi kukwera kwake, "chonde, mawu aja. Panopa."

Anesi anadzuka pomwepo. Anatenga foni ya Mapulani, napita pa masitepe, nadzifunditsa jekete kumutu kuti atchinge phokoso. Ndinkamuona pa mpata wa chitseko, atagwada ngati munthu wopemphera, akubwereza mawu a mayi anga m'kati mwa jekete. Aphunzitsi anadutsa akugwedeza belu pang'onopang'ono, chenjezo lakuti nthawi yatsala pang'ono. M'chipindamo munadzaza fungo la thukuta ndi la mawaya otentha. Wina kumbuyo ankachonderera kompyuta yake ngati mwana wodwala. Gulu la mayi wa zovala uja linali litasiya kukangana, zimene zinali zoopsa kuposa mkangano.

Pamenepo ndi pamene kamunthu kathu kanagwera pansi pa dziko. Mapulani ankayesa chipinda chomaliza chimene Anesi anali atangochilowetsa, ndipo kamunthuko katangoponda pakhomo kanamira m'simenti, kandulo ndi zonse, n'kumagwa mumdima wopanda malire.

"Abusa, nyumba yathu ilibe maziko!"

"Ndaona. Ndipatseni laputopu. Inu tengani mawu a Anesi muike m'malo mwa chigamba, pa kompyuta inayo, munditumizire."

"Zimenezo zisiyeni m'manja mwanga."

Ndinamira m'mizere ya pulogalamu. Chitseko chikamenyetseka, anthu n'kukuwa, ndinkadzidzimuka poganiza kuti ndi bambo. Cholakwikacho chinali chaching'ono, monga mwa nthawi zonse: pansi pa chipinda chatsopanocho panali pojambulidwa bwino koma posauzidwa kuti ndi polimba. Nditakonza, ndinalandira zimene Mapulani ananditumizira, ndinamanga gemu yonse pamodzi, ndipo ndisanapeze mpata woimvetsera, belu linalira kwautali.

"Manja m'mwamba!" anakuwa Aphunzitsi. "Amene akhudzenso batani, ndimudula chala."

Msonkhano wathu unali ndi malamulo awiri amene Aphunzitsi sankaseka nawo. Loyamba, belu likalira gemu siikhudzidwanso, kaya ili ndi chilema chotani. Lachiwiri tinkalitcha lamulo la pakamwa. Ankajambula mzere wa choko pansi, kumbuyo kwa mipando, ndipo opanga gemu ankaima kuseri kwa mzerewo, pakamwa potseka, pamene munthu wachilendo akusewera. Osamuuza batani, osamulozera, osatsokomola mwatanthauzo. "Gemu yanu ikadzapita kwa anthu simudzapita nayo m'thumba kukaifotokozera," ankatero. "Idzilankhulire yokha." Gulu limene lalankhula, gemu yake inkachotsedwa pa mpikisano. Ndipo oyesa amene ankawakonda kwambiri anali anthu osadziwa kalikonse za magemu: wopopa matayala wa pansi, mkazi wa mnzathu wodzatenga mwamuna wake, aliyense amene mwendo wamulakwira n'kukwera masitepe aja.

Titaima kuseri kwa mzere, Mapulani anandigunda ndi chigongono, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene wakubisira mphatso.

"Abusa, musakwiye. Ndasiya a mayi anu aja."

Ndinamuyang'ana.

"Anesi wayesetsa, koma akumveka ngati akuitana wodwala wotsatira pa mzere. Pepa, Anesi, chilungamo n'chowawa. A mayi anuwo ndi golide. Mudzandithokoza tikawina. Mukafika kunyumba muwauze kuti..."

"Anamwalira," ndinatero.

Chitseko chinatseguka, mphepo inalowa, chipinda chinakuwa. Koma wolowayo anali atatembenuka kale. Anagwira chitsekocho ndi manja awiri, anachinyamula pang'ono pamene chinkakhula pansi, nachikankhira m'malo mwake mpaka chinalira kuti kwe. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, mapepala anagona pa matebulo.

"Ndipo amene akuuzidwa kuti atseke chitsekoyo," ndinapitiriza, "ndi awo."

Bambo anaima pakhomo, utuchi uli m'mabondo a thalauzi, pensulo ili kukhutu, chikwama cha zida chili paphewa. Anayang'ana mawaya oyenda pansi ngati mizu, anthu akuluakulu ataima kuseri kwa choko ngati ana olangidwa, mpaka maso awo anandipeza. Ndinapita kukawapatsa makiyi, ndikuganiza kuti ndiwaperekeze msanga kumasitepe. Koma Aphunzitsi anali atafika kale.

"Takulandirani, bambo. Munayamba mwasewerapo gemu ya pakompyuta?"

"Ine, mayi? Zala zanga n'za nyundo izi. Ndingakuswereni katundu."

"Ndinu amene timakufunani. Khalani apa. Iyi ndi ya mwana wanu, eti? Mwafanana mphumi."

Bambo anandiyang'ana. "Ndi zimenezi zakusowetsa pakhomo?"

Ndinagwedeza mutu.

"Tione, nanga," anatero, ndipo m'mawu awo munali kanthu kena kamene sindinakamve kwa nthawi yaitali, ngati chidwi. Anatsitsa chikwama, anaika makiyi pambali pa laputopu, nakhala pansi mowongoka ngati ali pa benchi la kuchipatala. Aphunzitsi anawaonetsa mabatani oyendera ndi logwirira zinthu, monga ankachitira ndi aliyense, nawaveka mahedifoni. Kenako anandilozera mzere.

"Ndikuwa ine," ananong'ona Mapulani nditabwerera. Nkhope yake inali itagwa, thukuta lili pamphuno. "Aise, ndalakwa. Ndikuwa, atichotse. Gemu n'chiyani? Ndikazula waya."

"Nenani, Abusa," anatero Anesi kumbali inayo. "Masiku awiriwa asakumangeni. Ife tili nanu."

Panali mpata. Kamunthu kanali kakuyendabe m'chipinda choyamba, kakugunda makoma, chifukwa bambo ankadina batani lililonse ngati akukhomera msomali. Ndikanatha kudumpha mzere, kutseka laputopu, kunena kuti yawonongeka. Tikanatsika masitepe limodzi, tikanakambirana za mahinjesi a chitseko chija mpaka kunyumba, ndipo galasi lathu likanakhala losasweka. Mapulani anali atakoka mpweya kale. Ndinamugwira pa mkono, mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

Mpaka lero sindidziwa bwino chimene chinagwira mkono umenewo. Mwina ndi mantha omwe aja, amene nthawi zonse amasankha kukhala chete. Mwina n'chakuti kwa chaka chathunthu ndinali ndikumvetsera, ndekha, pansi pa bulangeti, mawu amene sanali kulankhula ndi ine. Ndinkadziwa kuti pakamwa panga sipakanatha kuwapereka kwa mwini wake. Ndipo apa panali lamulo, lolembedwa ndi choko, londiuza kuti ndisatsegule pakamwa.

Kamunthu kanapeza chitseko. Kanatsegula. Kanadutsa, kandulo ili patsogolo, osatembenuka.

Ife sitinkamva kanthu, chifukwa mawu onse anali m'mahedifoni. Tinkangoona msana wawo. Ndinaona mapewa akukwera pang'ono, ngati a munthu amene waitanidwa dzina pakati pa msika. Dzanja lawo linachoka pa mabatani n'kutsala m'malere. Mutu unayamba kutembenukira kumanzere, kumene kunyumba kwathu kuli khitchini, n'kuima panjira. Pa sikirini lawi linagwada, linanjenjemera, linazima. Mdima. Kenako chipinda choyamba chinabwerera, kamunthu kataima ndi kandulo yatsopano.

Bambo sanasunthe. Ndinkayembekeza kuti avula mahedifoni, atenga chikwama, ndipo usiku umenewo shedi idzakhalanso ndi wogonamo. Pa tebulo la zovala zouluka anthu anaphulika ndi kuseka, wopopa matayala uja akuthamangitsa siketi pa sikirini. Kunja malata ankalira.

Dzanja lija linatsika. Kamunthu kanayenda, ulendo uno mosagunda khoma, molunjika ku chitseko. Kanatsegula, kanadutsa, kanaima.

Lawi linagwada, linazima.

Anayambiranso. Anatsegula, anadutsa, anaima. Linazima.

"Sakumvetsa," ananong'ona wina wa gulu lina amene anabwera kudzaonerera. "Madalawa sakuona batani. Gemu yanu yawakanika."

Palibe wa ife atatu amene anamuyankha, ndipo sichinali chifukwa cha lamulo.

Aphunzitsi, amene ankazungulira matebulo onse, anaima kumbuyo kwa bambo kwa kanthawi. Iwo okha ndi amene ankaloledwa kuthandiza woyesa akakanirira. Anawerama, nalozetsa chala pa batani logwirira. Bambo anakweza dzanja pang'ono, mwaulemu, monga amachitira akamayeza thabwa wina n'kufuna kuwalankhula. Kenako anatembenuza kamunthu kaja, nakaimika pafupi ndi chitseko, chala chawo chili pamwamba pa batani lenilenilo. Ankalidziwa. Sanalidine.

Apo m'pamene ndinakumbukira mmene ndinakonzera. Chitseko chikatsekedwa, mawu ankaduka pomwepo. Wosewera wanzeru, wofulumira, ankamva "Inu bambo ake, tsekani," basi, n'kupitiriza ulendo ndi kandulo yake yoyaka. Kuti munthu amve mpaka kumapeto, kuti afike pa kuseka kuja, ankayenera kuima chitseko chili chitsegulire n'kulola kandulo kuzima.

Zipinda zonse zimene Anesi anajambula, makatani ouluka, mphaka wa pa kabati, chipinda chomaliza chimene ndinachilimbitsira pansi, bambo sanazione. Anakhala pa khomo loyambalo. Sindinawerenge kuti anayambiranso kangati. Ndinkangoona khosi lawo, ndi imvi zimene sindinadziwe kuti zafika mpaka kumeneko, ndi pensulo ija imene mahedifoni anaipanikiza kukhutu. Nthawi ina mapewa awo anagwedezeka kawiri, mofulumira, ndipo sindinathe kudziwa ngati kunali kuseka. Milomo ya Mapulani inali itatsekeka kwa nthawi yaitali kuposa ina iliyonse chimudziwireni. Anesi ankayang'ana pansi, pa choko, chala chake cha phazi chikufufuta mzerewo pang'onopang'ono.

Anthu anayamba kuima pa mzere kudikira mpando. Mayi wa zovala uja anabwera, nayang'ana sikirini, nayang'ana ine, ndipo anabweza anthuwo ndi dzanja, kuwalozera matebulo ena.

Madontho oyamba anagwa pa malata, akuluakulu, otalikirana. Kandulo itazimanso, bambo anasiya mdimawo kwa kanthawi. Kenako anavula mahedifoni ndi manja awiri, anakulunga waya wake bwinobwino monga amakulungira chingwe choyezera, nawaika pa tebulo. Anaimirira, anabwezera mpando m'malo mwake, anakoleka chikwama paphewa.

"Mwaiona bwanji, bambo?" anafunsa Aphunzitsi, koma mawu awo anatsikira panjira.

Bambo anawagwedezera mutu mwaulemu. Anabwera molunjika kumene ndinaima. Lamulo linali litatha, woyesa atadzuka, ndipo ndinali womasuka kunena chilichonse: pepani, kapena ndi zanu, kapena pali mbali ina yotsala imene akufunsa za bulangeti. Anaima patsogolo panga, mzere wa choko uli pakati pathu. Maso awo anali ofiira koma ouma. Anayang'ana nkhope yanga, kenako pakhosi panga. Anatambasula dzanja lonunkhira utuchi, namasula batani lija la pamwamba, monga mayi ankachitira ndikamapita kusukulu, ponena kuti ndidzadzitsamwitsa. Anakonza kolala ndi zala ziwiri.

Kenako anapita. Makiyi anatsala pa tebulo, pambali pa laputopu.

Pakhomo ananyamula chitseko chija pang'ono, nachitsegula. Mphepo inalowa yonse nthawi imodzi, yonyowa, yonunkhira fumbi, ndipo zojambula za Anesi zinanyamuka pa tebulo n'kuyamba kuzungulira m'chipindamo. Bambo anadutsa, naima pa sitepe yoyamba, msana uli kwa ife, mutu utapendekera pang'ono kumanzere. Dzanja lawo linali pafupi ndi chogwirira. Anadikira, kwa nthawi yokwana munthu kunena mawu ochepa n'kuseka.

Palibe amene anakuwa.

Ndinamva nsapato zawo zikutsika masitepe, pang'onopang'ono, kulowa mumvula, ndipo kumbuyo kwawo chitseko chinatsala chikuyendayenda.